Kabotolo kopanda dzina kudimba kwa amayi

Loweruka ndinapita kukawathandiza amayi kupopera tomato kudimba kwawo, m'mbali mwa Likangala. Atatulutsa mankhwalawo m'chitenje ndinaima kaye. Anali m'kabotolo komwe kale munali mankhwala a chifuwa, kopanda pepala, kopanda dzina, kafungo kokha kolasa m'mphuno.

"Amayi, amenewa ndi mankhwala anji?"

"Ndi a mbozi, mwanawe. Wogulitsayo anati zivindikiro ziwiri pa sipuleya, koma mbozi za masiku ano n'zokanika, ine ndimathira zitatu."

Titamaliza, sipuleyayo anakaitsukira mumtsinje, pomwe ana a m'mudzi amasamba. Sindinawadzudzule. Ndikanati akatsukire kuti? Palibe anawauzapo.

Dimba limeneli ndi lomwe tinkakumbamo nyongolotsi za nyambo ndili mwana, khasu limodzi zisanu. Loweruka ndinagaula mzere wonse osaona ndi imodzi yomwe. Dothi lachita gwa, ndipo amayi akuti pomwe kale ankathira Urea pang'ono, lero popanda kuwonjezera masamba amangoti psuu. Urea wa chaka ndi chaka, popanda manyowa kapena laimu, amachulukitsa asidi m'nthaka, feteleza wotsatirayo n'kumagwira ntchito mwa theka.

Chikundivutitsa kwambiri ndi komwe madziwo akupita. Likangala amathera m'nyanja ya Chilwa, ndipo Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi. Cholowamo chimakhala momwemo, pamodzi ndi matemba omwe timakagula ku Kachulu. Nyanja yomweyi inaikidwa pa mndandanda wa Ramsar, kuti ndi dambo lofunika dziko lonse lapansi.

Lamulo lilipo. La mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000 limafuna kuti mankhwala akhale olembetsedwa, okhala ndi chizindikiro, wogulitsa akhale ndi chiphaso. Koma tsiku la msika, mankhwala otapidwa m'timabotolo amayalidwa pansi moyandikana ndi usipa.

Ine zanga n'zazing'ono. Malangizo azilembedwa m'Chichewa, muyeso wake ukhale wa chivindikiro, poti ndi umene mlimi amagwiritsa ntchito. Botolo lotha azitibwezera kangachepe tikalibweza kusitolo, ngati mabotolo a zakumwa aja. Ndipo pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo iziganizirako laimu.

Pakadali pano ndawakumbira amayi kadzenje kutali ndi mtsinje kotsukirapo sipuleya, ndipo tayamba kusunga phulusa, gaga ndi ndowe za mbuzi zopangira manyowa a Mbeya. Pa zivindikiro zitatu zija, sitinagwirizanebe.