Wakuba analowera pa imelo ya abwana, kamera yaloza kwa mtsikana wa ku akaunti

Ndimagwira ntchito ya IT pabungwe lina lobwereketsa ndalama kuno ku Lilongwe, ndipo dipatimenti yonse ya IT ndi ineyo. Anzanga a ntchito ngati yanga mukudziwa mmene Lolemba limathera: oiwala pasiwedi, pulinta yotafuna mapepala, wina wabwera ndi fulashi yoti anakailowetsa pa kompyuta ya kojambulitsa zithunzi ku Old Town ndipo mafayilo ake onse asanduka ma shortcut. Lachiwiri ndinakwera minibasi kupita ku nthambi yathu ya ku Area 25 kukasintha router imene inapsa magetsi atabwera mwamphamvu, chifukwa galimoto ya ofesi inali pamzere wa mafuta. Kumeneko ndinapezanso kuti makina ong'ambira mapepala anafa kalekale, ndiye mafomu akale a ngongole, okhala ndi fotokope ya chiphaso cha unzika cha munthu, angowaunjika m'katoni kuseri kwa chitseko, pamene aliyense wofuna pokulungira mandasi atha kusolola. Ndinawalankhula, anavomera, ndipo ndikudziwa kuti katoniyo ikadali pomwepo.

Za Lachitatu ndi zimene zandilembetsa.

Cha m'ma 10 koloko m'mawa mtsikana wa ku akaunti, wamng'ono pa onse m'chipinda chimenecho, anabwera pa desiki panga ndi pepala m'manja. Inali imelo yochokera kwa abwana aakulu, amene anali ku msonkhano ku Salima. Inkati kampani imene imatigulitsa mapepala ndi inki yasintha banki, choncho invoyisi ya mwezi watha ilipiridwe ku akaunti yatsopano isanakwane 12 koloko, ndipo asawaimbire foni chifukwa ali m'holo. Nambala ya invoyisi inali yoona. Ndalama yake yoona mpaka matambala. Ngakhale kalembedwe kanali ka abwana, kongoyamba ndi dzina la munthu popanda moni.

"Achimwene, tandionereni iyi. Ine mtima ukukana."

Asanabwere kwa ine anali ataimbira kale kampaniyo, osati pa nambala imene inali m'imelomo, koma pa imene ili pa invoyisi yakale ya m'fayilo. Anamuyankha kuti iwo sanasinthe banki ndipo sakuganiza zosintha. Palibe amene anamuphunzitsa zimenezi, chifukwa maphunziro a ogwira ntchito amene ndimapempha chaka ndi chaka amachotsedwa pa bajeti.

Choyamba ndinayang'ana ngati adiresi yake ndi yofanizira chabe, ija amasintha chilembo chimodzi kuti diso lisaone. Ayi ndithu. Imeloyo inatuluka m'bokosi lenileni la abwana. Nditatsegula mndandanda wa amene akhala akulowa m'bokosimo, thukuta linayamba. Wina wakhala akulowa kuchokera ku ma IP (manambala osonyeza kumene kompyuta yalumikizira intaneti) a kunja kwa dziko, usiku pakati, kwa masabata ndithu. Anaikamo lamulo loti imelo iliyonse yokhala ndi mawu oti invoice, payment kapena bank izipita m'foda imene palibe amatsegula, kope yake n'kumapita ku adiresi ina ya Gmail. Ndiye kuti mtsikanayo akanangoyankha imeloyo kufunsa ngati ndi zoona, abwana sakanaiona, akanamuyankha ndi wakubayo. Munthuyu sanathamange. Anakhala phee, kuwerenga, kuphunzira amene timawalipira, tsiku limene timalipira, ndi mmene abwana amalamulira, mpaka anadikira tsiku loti iwo ali kunyanja.

Polowera pake sipanandivute kupeza. Masabata angapo m'mbuyomo munabwera imelo yonamizira kuti ndi ya Microsoft, yoti bokosi ladzaza, dinani apa. Abwana anadina, analemba pasiwedi yawo pa tsamba labodzalo, basi. Pasiwedi yokha sikanakwanira akanakhala ndi kodi yachiwiri ija, nambala yachinsinsi yobwera pa foni munthu akamalowa. Chaka chatha ndinaiika kwa aliyense, kuyambira mesenjala amene ali ndi imelo mpaka akuluakulu onse. Munthu mmodzi yekha analamula kuti kwa iye ndichotse chifukwa imamutayitsa nthawi, ndipo imelo yolamula zimenezo ndinaisunga.

Ndalama ya inki sinandidetse nkhawa kwambiri, poti sinatuluke. Chimene chinandiimitsa mutu ndi zina zimene zili m'bokosi limenelo. Nthambi zathu zikafuna chilolezo cha ngongole yokulirapo zimatumiza fomu yonse pa imelo kwa abwana: chiphaso cha unzika mbali zonse ziwiri, nambala ya foni, kumene munthu amakhala, bizinesi yake, ndalama imene watenga ndi tsiku lobweza. Kuyambira pomwe a NRB analembetsa anthu mu 2017, chiphaso chimenechi ndiye chatenga malo a chilichonse, ku banki, polembetsa simu khadi kuyambira 2018, ngakhale polandira thandizo la boma. Tonse tinazolowera uthenga uja woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ndipo ambiri timangouseka chifukwa wotumizayo satidziwa n'komwe. Koma taganizani mayi wogulitsa tomato ku msika wa Kawale akuimbiridwa ndi munthu womutchula dzina lonse, wodziwa kuti watsala ndi zingati pa ngongole yake, womuuza kuti ofesi yasintha nambala ya Mpamba kapena Airtel Money yobwezera. Mayi ameneyo atumiza. Ndipo mwezi ukatha ife tidzamutumizira wotolera ngongole pakhomo.

Zotsatira mukuzidziwa: kusintha pasiwedi, kutulutsa aliyense amene anali m'bokosimo, kufafaniza lamulo lija nditajambula kaye umboni, kusunga ma log (mndandanda wa zimene zachitika m'bokosimo) asanafufutike, kuyang'ana mabokosi a ena onse. Magetsi anazima cha m'ma 5 koloko. Mabatire a UPS, osungira makompyuta mphamvu magetsi akazima, anatha mphamvu chaka chatha, jenereta inalibe dizilo, ndiye ndinamalizira ntchitoyo pa laputopu ndi bandulo ya foni yanga. Ndinafika kunyumba ku Biwi pa kabaza wanjinga yamoto usiku ndithu, ndipo ndalama ya kabazayo sindiyembekeza kubwezeredwa.

Lachinayi abwana anabwerako ndipo anaitanitsa msonkhano wa akuluakulu. Ndinalowa ndi mapepala anga ndili ndi chikhulupiriro choti lero lokha zimene ndakhala ndikupempha zivomerezedwa. Ndisanamalize n'komwe kufotokoza anandidula.

"Munthu wakunja angadziwe bwanji nambala ya invoyisi yathu? Ameneyu ndi wam'kati mommuno."

Ndinati, "Bwana, anaidziwa chifukwa anaiwerenga m'bokosi mwanu. Invoyisiyo inabwera kwa inu."

Sanafune kuzimva. Kenako mmodzi wa akuluakuluwo anafunsa kuti nanga mtsikana uja anadziwa bwanji msanga chotero kuti imeloyo ndi yabodza, pamene iwo amene akhala zaka zambiri sakanazindikira. Mitu inagwedezeka kuvomereza. Ine ndinangoti kakasi. Uku ndiye kumenya galu amene wauwa, fisi atapita kale.

Zimene ankafuna anali atazikonza asanalowe. Pa kompyuta iliyonse ndiikepo pulogalamu yojambula sikirini ndi kusunga batani lililonse limene munthu wadina. Ndiwerenge WhatsApp ya a ku akaunti, poti ambiri amaitsegula pa kompyuta za ofesi. Ngati n'kotheka mafoni awo atengedwe ndiwaone. M'chipinda cha akaunti muikidwe kamera. Mtengo wa zonsezi unali kale patebulo, wochokera ku kampani ya mnzawo wina, ndipo ndalama inavomerezedwa pomwepo, ine ndikuona.

Apa ndi pamene mtima unandiwawa kwambiri. Laisensi ya antivirus inatha miyezi yapitayo. Imalipiridwa m'madola, ndipo kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 yankho lakhala limodzi, loti yadula ndiponso forex kulibe. Makompyuta athu ambiri ali pa Windows 10, imene Microsoft anasiya kuitumizira zigamba za chitetezo pa 14 October 2025, ndipo ndi akale moti sangalandire Windows 11. Ya pa kauntala ina ikadali pa Windows 7, yomwe anaisiya mu January 2020. Backup, kope yosungira ya mafayilo athu, ndimaichita pa hard drive imodzi yomwe imagona m'chipinda chomwecho ndi seva. Mu February 2024, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti alowedwa ndi akuba a pa intaneti amene akufuna dipo, abwana omwewa anandiitana n'kundifunsa kuti nanga ife tili bwino? Ndinawalembera masamba awiri ofotokoza kuti sitili bwino, ndi mitengo yake. Masambawo sanayankhidwe. Koma ndalama yoonera zimene kalaliki akulembera chibwenzi chake yapezeka m'mawa umodzi.

Ndinakana, ndipo ndinayesetsa kukana mwaulemu. Imelo ya ntchito ndi ya bungwe, ndipo patakhala chifukwa chomveka, cholembedwa, ogwira ntchito atauzidwiratu, itha kuunikidwa. WhatsApp ya munthu ndi foni yogula yekha ndi nkhani ina. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo makalata ndi mauthenga ake a pa foni. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa kapena kutchera mauthenga a wina popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo wodina mabataniwo ndikanakhala ine, osati iwo. Ndinawonjezeranso chimene ndinkaganiza kuti chiwagwira mtima kuposa malamulo: pulogalamu yosunga batani lililonse imasunganso mapasiwedi a ku banki amene a ku akaunti amalemba tsiku ndi tsiku, n'kuwatumiza ku seva ya kampani imene sitikudziwa kuti imadziteteza bwanji. Wakuba wa mawa sadzavutikanso kutumiza imelo yabodza, adzangopita kumeneko kukatola zonse pamodzi.

"Ndiye mukukana lamulo langa?"

"Ayi bwana. Ndilembereni kalata yonena zimene ndichite, musaine, ndiisunge."

M'chipindamo munangoti zii. Palibe anatola cholembera. Ndinakumbuka kuti abwana omwewa, zaka zija nkhani ya makina a MACRA amene anthu ankawatcha spy machine inali m'makhoti, ankadandaula pa tiyi kuti boma lisamamvetsere mafoni a anthu. Sindinawakumbutse, ndili ndi ana.

Ndinadzutsanso nkhani imene aliyense ankaizemba. Lamulo la Data Protection Act la 2024 linapereka kwa MACRA udindo woyang'anira mmene mabungwe akusungira zinsinsi za anthu, ndipo limati zoterezi zikachitika bungwe lidziwitse MACRA pasanathe maola 72. Kulinso Malawi CERT, pansi pa MACRA pomwepo, imene ntchito yake ndi kuthandiza pa nkhani ngati zimenezi. Yankho linali loti tidikire bodi, tisadziyalutse tokha, ndalama sinabedwe. Kwa iwo ngati ndalama ya bungwe sinatuluke ndiye kuti palibe chabedwa. Ziphaso za makasitomala sizili m'buku la akaunti.

Lachisanu m'mawa anyamata awiri anabwera ndi makwerero n'kukhoma kamera pakona ya chipinda cha akaunti. Kamera sinafunike siginecha yanga. Aliyense wolowa atha kuona desiki imene yalozedwa. Pulogalamu ija yaima kaye poti wosaina sanapezeke. Abwana anavomera kodi yachiwiri, koma analamula kuti izipita pa foni ya sekilitale wawo, amenenso amasunga pasiwedi yawo pa kapepala pansi pa keyboard. Ndinachita monga ananenera, ndipo ndinalemba kuti ananena ndi iwo.

Masana mtsikana uja anandipeza pa khonde. "Achimwene, ndiuzeni zoona, kodi mumaona zonse zimene ndimalemba pa kompyuta?" Ndinamuuza kuti ayi, ndipo tsiku limene adzandikakamize ndidzamuuza iye asanadziwe wina aliyense. Ndinamulangizanso kuti atulutse WhatsApp yake pa kompyuta ya ofesi, ndipo anzake onse achite chimodzimodzi. Mpaka pano palibe wamkulu amene wamuthokoza. Amene anasungitsa ndalama ya bungwe ndi yemwe akudya nkhomaliro ali chete, akuganiza zofunsira ntchito kwina.

Lipoti lonse ndinalilemba, ndi nthawi imene tinazindikira, zimene wakubayo anaona, ndi tsiku limene maola 72 akutha, lomwe linali Loweruka m'mawa. Ndinalitumiza kwa abwana ndi kwa wapampando wa komiti ya odita mu bodi. Wapampandoyo anayankha mawu awiri oti walandira. Chimodzi chokha chimene ndinapambana ndi chakuti mkulu woona za nthambi anavomera kutumiza uthenga wa SMS kwa makasitomala onse wowauza kuti nambala yobwezera ngongole sinasinthe, ndipo aliyense wowaimbira kunena zina asamumvere, abwere ku ofesi. Chifukwa chake sanalole kuti tilembemo. Uthengawo utuluka Lolemba, ndalama yake yachokera ku bajeti ya zotsatsa malonda, ndipo ine Lolemba lomwelo ndikayambira ku Area 25 ndi machesi, kukatentha katoni ija ndekha.