Ndinakumba ngalande, thirakitala n'kutsala mkati

Alamu anga atandibwereka thirakitala yawo yaing'ono yokhala ndi backhoe, mkono wokumbira, kumbuyo, anandiphunzitsa choimirira, injini ikulira, dzanja limodzi lili kale pa chitseko cha galimoto. "Tsitsani baketi yakutsogolo igwire pansi. Tembenuzani mpando muyang'ane kumbuyo. Miyendo iwiriyi muitsitse mpaka matayala akumbuyo apepuke. Zotsalazo ndi ndodo ziwirizi. Mwamva, alamu?" Ndinati ndamva. Ananenanso kenakake kokhudza koyambira, koma mawuwo anamezedwa ndi dizilo, ndipo ine si munthu wofunsa kawiri mayi a kunyumba ali pomwepo.

Ntchito yake inali yoti madzi achoke pa thanki yomwe ili kuseri kwa nyumba, afike pa mpopi watsopano pafupi ndi geti. Njira ilipo imodzi yokha, mpata wa pakati pa khoma la nyumba ndi mpanda wa njerwa, womwe thirakitala imakwanamo bola woyendetsa asatambasule zigongono. Pulambala anali atanena kale zimene akufuna: ngalande yakuya masentimita 60, pansi pake posalala, yoti mugone paipi yakuda ya mamilimita 32. Baketi yokumbira inali ya masentimita 30 m'lifupi. Ndinayambira ku geti. Ena m'banja muno amati ndinasankha kumeneko chifukwa odutsa mumsewu amaonako. Ine ndimati dothi lake linkaoneka lofewa.

Ndodo ziwiri zija zimayendetsa zinthu zinayi. Mkono waukulu umakwera ndi kutsika, mkono waung'ono umapita ndi kubwera, baketi imapinda ndi kutambasuka, kenako chonsecho chimatembenukira kumanja kapena kumanzere. Chimene mavidiyo omwe ndinachezera usiku sananene n'chakuti makina okumba ali ndi kakonzedwe kawiri ka ndodozi, ISO ndi SAE, ndipo dzanja limene limakweza mkono waukulu pa makina ena ndi lomwe limakoka mkono waung'ono pa ena. Ine ndinali nditaloweza ka makina ena, osati ka thirakitalayi. Ndikati ndikweze, baketi inkabwera kwa ine. Ndikati ibwere, inkaloza kumitambo. Wophunzira amayeneranso kuchepetsa moto wa injini kuti pampu izikankha oyilo pang'onopang'ono, mkono usamadzidzimuke. Ine ndinauwonjezera, poti thirakitala yolira motsitsa siimveka kumsewu. Mtengo wa chingwe choyanikapo zovala unagwa pa nthawi imeneyi. Unali wakale.

Backhoe ya thirakitala yotere imatha kukumba mpaka pafupifupi mamita awiri, ndipo pamalo oyamba paja ndinatsimikizira kuti zimenezi n'zoona. Mayi a kunyumba anabwera, n'kusuzumira m'dzenjemo kwa kanthawi.

"Bambo a ana, kodi tasintha maganizo? Ndi chimbudzi?"

Ndinawauza kuti akatswiri amayamba ayesa nthaka.

Koma dzuwa likufika paliwombo, manja anagwira. Apa ndiyime kaye, chifukwa anthu akamasimba nkhaniyi amalumpha gawoli. Chinsinsi chake n'chakuti sukumba pogwetsa mkono mwamphamvu. Umatambasula mkono kutali, mano a baketi n'kuwagoneka, kenako n'kumakoka mkono waung'ono uku ukupala dothi pang'onopang'ono, baketi ikadzadza n'kuipinda. Popeza mkonowo umayenda mokhota, ukangoukoka wokha pansi pa ngalande pamatuluka mabeseni. Uyenera kumakweza mkono waukulu pang'ono nthawi yomweyo kuti mano ayende mowongoka. Si zokongoletsa ayi: paipi yodalira kutsetsereka ikakhala ndi zitunda, mpweya umakhala pamwamba pa zitundazo, mpopi n'kumangotsokomola. Ukamaliza pamene mkono ukufika, umakweza miyendo, n'kutembenuza mpando, n'kusuntha thirakitala kutsogolo pang'ono, n'kutsitsanso miyendo. Thirakitala imapita kutsogolo, ngalande imatsalira kumbuyo. Mawu amenewa muwasunge.

Ngalande inkatuluka yowongoka moti mwana wanga wamkulu anasiya foni n'kubwera kudzaona. Ndinayamba kuganiza zoti mwina ndinalakwitsa ntchito pa moyo.

Pabwalo dothi ndinkaliunjika mbali imodzi, kutali ndi m'mphepete, monga zimafunikira. Lamulo lake ndi masentimita 60 kapena kuposa, chifukwa dothi lodzadza bokosi la mita imodzi mbali zonse limalemera kupitirira tani, ndipo kulemera kumeneko kukakhala pamlomo pa ngalande, khoma lake limagumuka. Nditalowa mumpata muja, masentimita 60 aja panalibe powapeza. Mkono ukatembenuka pang'ono wagunda nyumba, ukabwerera wagunda mpanda. Ndiye ndinkathira baketi imodzi kumanja, ina kumanzere, pamlomo penipeni. Mizere iwiri ya dothi, yofanana msinkhu, ngalande pakati. Zinkaoneka bwino kwabasi.

Kenako ndinatembenuza mpando kuti ndisunthenso, n'kupeza kuti kosunthira kwatha. Baketi yakutsogolo inali itafika pa nsanamira za thanki. Kumanja nyumba, kumanzere mpanda, kumbuyo ntchito ya manja anga. Pakati pa mapeto a ngalande ndi thanki panatsala malo osakumbidwa, ndipo pamalo pakepo n'pamene panaima thirakitala.

Ndinazimitsa injini kuti ndiganize. Makina amenewa akhalapo kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo ali ndi zomata zochenjeza paliponse, za zala, za oyilo wotentha, za mawaya amagetsi. Palibe ngakhale chimodzi chimene chimafunsa munthu kumene akatulukire. Nkhani imeneyi mainjiniya aionenso.

"Nanga mutulukira kuti?" anafunsa mayi a kunyumba ali pa windo la khitchini.

Ndinati zonse zili m'pulani. Ndipo masamu ake anali olondola: ngalande masentimita 30, matayala otalikirana kuposa mita. Kungobwerera m'mbuyo mowongoka, ngalande ili pakati pa matayala. Chimene masamu sanawerengere ndi milu ija. Matayala akumbuyo anakwera dothi lofewa, lakumanja linatsetsereka, mlomo wa ngalande unangoti gumu, tayala lonse lowu. Thirakitala inapendekeka n'kutsamira nyumba ndi chitsulo chake chapamwamba chija, ngati chidakwa chimene chapeza khoma. Ndinatsika mwaulemu, ngakhale ana amanena kuti nsapato imodzi inatsalira pa pedulo.

Apa m'pamene pamwamba pa mpanda panatulukira mutu wa aneba athu, mdala amene anayendetsapo makina a misewu asanapume ntchito. Zikuoneka kuti anali ataimirira pa chinachake kwa nthawi ndithu.

"Mwaswera bwanji, aneba?"

"Ndaswera, kaya inu madala?"

"Ndaswera. Ndimati ndione kuti mukafika pa thanki mutani."

Anandiuza njira imene odziwa amachita. Backhoe imatha kudzinyamula yokha. Umakweza baketi yakutsogolo pang'ono kapena kuisiya ngati pozungulira, umaika baketi yokumbira pansi polimba, n'kukankha mkono waukulu pansi mpaka matayala akumbuyo anyamuke, kenako n'kutembenuza mkono pang'ono kuti thako la thirakitala lisunthire pambali. "Koma baketi muigoneke chafufumimba, aneba. Igwire ndi msana, osati ndi mano."

Ndinakwera, ndinaliza injini, ndinaika baketi pafupi ndi khoma la nyumba pomwe dothi linali lisanakhudzidwe. Za msana ndi mano zija ndinazimva bwino, kungoti dzanja linakumbukira mavidiyo. Mano analowa pansi, thirakitala inanyamuka pang'ono, ndipo panamveka kaphokoso kakang'ono, koti thwa. Madzi anandipeza kumaso ndisanadziwe kumene achokera.

Pali munthu amene anamanga nyumbayi ife tisanabwere, ndipo munthu ameneyo anakwirira paipi yochokera pa thanki kupita kukhitchini mozama ngati chikhatho chimodzi, popanda mchenga, popanda tepi yochenjeza, popanda kuuza aliyense. Ndikudziwa kuti musanakumbe mumayenera kufufuza kumene kwadutsa mapaipi ndi mawaya, ndipo pamene mukukayikira mumafukula ndi fosholo. Koma paipi imene yaikidwa motero siinakwiriridwe. Yangofunditsidwa.

"Tsekani vavu!" anakuwa aneba.

Vavu ili m'kabokosi ka simenti m'munsi mwa thanki. Pamwamba pa kabokosiko panali patakhala baketi yakutsogolo, yomwe tsopano inali itanyamula theka la kulemera kwa thirakitala yopendekeka. Kuikweza kunali kupereka thirakitala kwa khoma la nyumba. Choncho tinangoima, ine, mayi a kunyumba, ana, ndi mutu wa aneba, kuonerera thanki ya malita 5,000 ikutsanulira m'ngalande. Madziwo anayenda mumpata monse, anadutsa pabwalo osaima paliponse, n'kukadzadza dzenje langa loyesera nthaka lija, pamalo enieni pamene mpopi unayenera kukhala.

Ndinaloza. "Mwaona kutsetsereka kwake? Popanda ndi paipi yomwe."

Mayi a kunyumba analowa m'khitchini, anatsegula mpopi, n'kuusiya ukufwenthera mpweya kuti ndizimva ndili panja.

Alamu anafika chakumadzulo. Anazungulira mpaka pamene matope anawalola, manja ali kumbuyo, osayankhula. Kenako anafunsa ngati injini ndazimitsa. Ndinati eya. "Chabwino. Ndiye mundimva. Ndinati muyambire ku thanki, thirakitala iyang'ane ku geti."

Kuti ituluke, ngalande yonse ya mumpata tinaikwirira ndi mafosholo, ine ndi ana, matope akulemera kuwirikiza. Pamwamba tinayala matabwa. Alamu anakwera, anagoneka baketi ndi msana, ananyamula thirakitala, anaisunthira pambali, n'kuitulutsa chobwerera osakhudza njerwa ngakhale imodzi. Dothi litauma anabweranso, analowa mumpata chobwerera m'mbuyo, n'kukumba kuchokera pa thanki, ndipo dothi ana ankalichotsa ndi wilibala. Paipi yakale anaifukula ndi manja. Pulambala anadula pobooka paja, analumikiza, kenako anayala mchenga, n'kugoneka paipi yatsopano mokhotakhota pang'ono kuti ikafupika ndi kuzizira isazuke m'malumikizo. Anatsegula madzi ngalande ili yosakwirira kuti aone ngati pali podontha, ndipo tepi yochenjeza anaiyala dothi litafika pakati. Gawo la pabwalo, lomwe ndinakumba ine, sanalikonze paliponse. Zimenezi ndazinena kangapo patebulo ndipo palibe amene akuzilemba.

Alamu akumanga thirakitala pa ngolo, aneba anatulukira pa geti, ulendo uno ndi thupi lonse. Anati nawonso akufuna kukoka madzi kupita kudimba, ndiye ngati n'kotheka makinawo adzawathandize.

"Palibe vuto, madala," anatero alamu. "Kungoti ine sabata yamawa kulibe. Koma alamu angawa aphunzira tsopano, akhoza kudzakukumbirani."

Mdala uja anandiyang'ana, anayang'ana mpanda wake, anayang'ananso ine.

"Si zachangu ayi," anatero. "Piki ndili nayo."