Pisitoni yobowoka ija sititaya

Pa shelefu ya m'galaja mwathu pali pisitoni yobowoka pamwamba. Ndi ya njinga yamoto yachitatu imene tinalandira titangotsegula galajayi ine ndi mng'ono wanga, ndipo amene anaibowoletsa ndine.

Mwini njingayo anabwera akudandaula kuti ikumwa petulo kwambiri. Ine, pofuna kuoneka katswiri, ndinamasula kabureta, n'kuchotsa jeti yaikulu, kachitsulo ka bowo kodutsamo petulo, n'kuikapo ina ya bowo laling'ono ndithu. Pulagi sindinaimasule n'komwe. Njinga inalira bwino, munthu analipira n'kumapita. Vuto lenileni linali fyuluta ya mpweya imene inatsekeka ndi fumbi. Patapita masiku iye anagula fyuluta yatsopano, mpweya unayamba kulowa wambiri pomwe petulo ndinali nditamuchepetsa kale, injini inatentha pa ulendo wautali mpaka pisitoni inasungunuka pakati. Anabwera nayo akukankha. Tinakonza ndi ndalama zathu, ndipo mwezi umenewo phindu silinaoneke.

Ndinatenga pisitoniyo kupita nayo kwa mdala amene anandiphunzitsa umakaniko. Anaitembenuza kawiri n'kufunsa kuti, "Iwe, pulagi unaiona?" Nditati ayi, anangoti, "Bwera nayo njinga ina mawa, ubwere ndi mapulagi atsopano awiri."

Zimene ndinaphunzira tsiku limenelo ndi zimene zikutidyetsa mpaka pano. Injini ya petulo imawotcha bwinobwino pamene mpweya uli magawo 14.7 pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera kwake, koma mphamvu zambiri zimatuluka petulo akachulukirapo pang'ono, cha m'ma 12.5 kapena 13. M'kati mwa silinda simungasuzumiremo injini ikulira. Chimene chimakhala m'menemo n'kutuluka ndi umboni ndi pulagi. Dothi loyera la kunsonga kwake likakhala lofiirira pang'ono, zinthu zili bwino. Likakhala lakuda ndi mwaye wouma, petulo wachuluka. Likakhala loyera mbee ngati choko, petulo wachepa ndipo injini ikupsa. Mukaona timadontho tonyezimira ngati siliva, zimitsani njingayo, chifukwa imeneyo ndi pisitoni yayamba kunyenyeka. Pulagi yakuda koma yonyowa ndi yonona ndi nkhani ina, oyilo akudutsa pa maring'i kapena pa mavavu, ndipo ngakhale musinthe majeti khumi sizitha.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri, kuphatikizapo amakaniko anzathu, n'chakuti kabureta ili ndi njira zitatu za petulo. Jeti yaing'ono imagwira ntchito njinga ikangolira itaima mpaka mutatsegula moto pafupifupi kota. Kuchokera pamenepo mpaka makota atatu ndi ntchito ya singano, kachitsulo kosongoka kamene kakakwera kamatsegulira petulo njira, ndipo jeti yaikulu imalamulira mukatsegula moto wonse. Choncho munthu akayenda pang'onopang'ono, n'kuima pakhomo injini ikulira mphindi zisanu, pulagi yake ikungonena za jeti yaing'ono basi. Kusintha jeti yaikulu chifukwa cha pulagi yotero n'kumwa mankhwala a mutu pomwe chikupweteka ndi mwendo.

Ife timachita chonchi. Fyuluta iyenera kukhala yoyera, labala wolumikiza kabureta ku injini asakhale wong'ambika, chifukwa mpweya wolowera pambali umayeretsa pulagi ngati jeti yachepa. Timaonanso fuloti, koyandama koyeza petulo m'kabureta, ngati ili pa mlingo wake. Kenako injini ikatentha timaika pulagi yatsopano, mng'ono wanga amapita pamsewu wowongoka wopanda anthu, makamaka wokwera pang'ono, n'kutsegula moto wonse ali pa giya yapamwamba. Akatero amazimitsa injini n'kugwira kilachi nthawi imodzi, njinga n'kuima yokha. Pulagi timaimasula pomwepo, ndi nsanza m'manja chifukwa imawotcha. Sitiyang'ana nsonga yokha. Timawalitsa tochi m'kati, pansi penipeni pamene dothi lija lakumana ndi chitsulo, kufuna kamzere ka mwaye. Petulo wa masiku ano wopanda mtovu sapaka mtundu msanga, moti pulagi yatsopano ikhoza kuoneka yoyera kunsonga jeti ili bwinobwino. Apa ndi pamene ambiri amanamizika n'kukulitsa jeti popanda chifukwa.

Tikasintha, timasintha chinthu chimodzi, ndiponso sitepe imodzi. Ngati tikukayika timayambira ku jeti yokulirapo n'kumatsika, chifukwa petulo wochuluka amangodetsa pulagi pomwe wochepa amadya pisitoni. Pa singano, kutsitsa kakilipu kogwira singanoyo kumakweza singanoyo n'kuwonjezera petulo. Majeti a makampani opanga makabureta a Keihin ndi Mikuni timasunga m'mabokosi osiyana, popeza manambala awo safanana tanthauzo. Nambala ya pulagi nayo timaiona. Pa mapulagi a kampani ya NGK, nambala ikakwera pulagi imakhala yozizirirapo, ndiye munthu akaika 8 pamene pafunika 7 akhoza kumaona mwaye kabureta ilibe mlandu. Timafunsanso kumene njingayo imayenda, chifukwa kumapiri mpweya ndi wopepuka ndipo jeti yomwe inali bwino kuchigwa imadetsa pulagi.

Si makasitomala onse amene amakonda zimenezi. Ena amafuna tingowagulitsa jeti ya bowo laling'ono kuti asunge petulo, ndipo tikakana amapita kwina. Poyamba zinkandiwawa kuona ndalama ikutuluka pakhomo. Mng'ono wanga ndiye anaganiza zoti tizisunga kope, njinga iliyonse tilembe jeti imene yabwera nayo, imene taikapo, malo a kakilipu ndi mtundu wa pulagi. Kopelo tsopano ndi lachinayi, ndipo anthu ambiri amene amabwera amati awatuma anzawo. Tili ndi anyamata awiri amene tikuwaphunzitsa, ndipo lamulo ndi lakuti sakhudza kabureta asanandionetse pulagi.

Njinga zatsopano zambiri zikubwera zopanda kabureta, petulo amayezedwa ndi kompyuta, ndipo tayamba kusunga ndalama zogulira makina oziyezera. Koma za kabureta zidakali zambiri pamsewu. Dzulo lomweli mnyamata wathu wamng'ono anabwera ndi pulagi yakuda bii, ali wokonzeka kuchepetsa jeti. Ndinamuuza aikhudze ndi chala. Chala chinanona oyilo, ndipo anabweza bokosi la majeti pa shelefu n'kukatenga geji yoyezera kompuresheni, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda.