Makina oswetsera mazira, gawo lachinayi: uta wa pa sikirini

Filiji yakale yomwe ndikuisandutsa makina oswetsera mazira tsopano ikutentha m'malo mozizira. Mababu awiri akuyaka ndi kuzima okha, fani yomwe ndinazula m'kompyuta yakufa ikuzunguza mpweya, ndipo ESP32-S3, bolodi yaing'ono yomwe imayendetsa zonsezi, ikuwerenga sensa yoyeza kutentha bwinobwino. Chimene chinkanditopetsa n'chakuti ndikafuna kusintha kutentha ngakhale pang'ono, ndinkayenera kutenga laputopu, kulumikiza waya, n'kusintha nambala mu khodi. Kasikirini komwe ndinaitanitsa kafika tsopano: kozungulira, mainchesi 1.28, mapikiselo 240 mulitali ndi 240 mulifupi, koyendetsedwa ndi chipu ya GC9A01, ndipo kamamva chala kudzera mu chipu ina, CST816S. Kukula kwake n'kofanana ndi nkhope ya wotchi yapamkono.

Zojambula pa sikirini ndikupangira LVGL, laibulale (khodi yolembedwa kale) yaulere ya m'chiyankhulo cha kompyuta cha C yomwe anaiyamba Gábor Kiss-Vámosi wa ku Hungary mu 2016, nthawi imeneyo ikutchedwa LittlevGL. Ine ndili pa veshoni 9, yomwe inatuluka mu 2024. Zitsanzo zambiri za pa intaneti ndi za 8 ndipo mayina ena anasintha, choncho muziyang'ana kaye musanakopere. Mkati mwake muli lv_arc, mzere wokhota womwe umakoka ndi chala kuti nambala ikwere kapena itsike. Kunyumba kuno tangoutcha uta. Pa sikirini yozungulira umakhala ngati anaubadwira.

Loweruka

Utawu uli ndi zigawo zitatu: mzere wakumbuyo, mzere wamtundu womwe umadzaza, ndi kamutu komwe umagwira. Chilichonse umachipaka mtundu ndi kuchinenepetsa pachokha. Izi sizinandivute. Chinandipusitsa ndi madigiri. Ine ndinkaganiza kuti 0 ali pamwamba ngati 12 pa wotchi, ndiye ndinalemba 0 mpaka 270, mpata n'kukatsegukira kumwamba chakumanja, uta utapendekeka ngati chipewa cha munthu woledzera. Kumeneku 0 ali pomwe pamakhala 3 koloko, ndipo madigiri amayenda motsata mivi ya wotchi. Ukapanda kukhudza chilichonse, uta umayambira pa 135 n'kukathera pa 45, mpata uli pansi, zomwe ndinkafuna poyamba pomwe. Ndinangofufuta mzere wanga uja.

Utawu sudziwa 37.5, kutentha komwe ndikufuna m'filijimo, umadziwa manambala athunthu okha. Ndinaupatsa 350 mpaka 390, ndipo polemba pakati ndimagawa ndi 10, chotsala ndikuchiika kuseri kwa kadontho. Nditayatsa, pakati panalembedwa "Text" basi. Ukaika nambala ndi lv_arc_set_value, uta umasuntha koma sulira kuti wasintha. LV_EVENT_VALUE_CHANGED, uthenga woti nambala yasintha, imabwera munthu akaukoka. Uyenera kuitumiza wekha kamodzi poyambira. Pofika usiku zonse zinali m'malo, mzere wofiirira utaima pa 37.5, ine n'kumangoukoka uku ndi uku ngati mwana wapeza chidole.

Lachiwiri

Mwana weniweniyo anaupeza Lachiwiri. Ndinasiya filiji ikuyaka tsiku lonse ilibe mazira, ndi thermometer yakuchipatala mkati kuti ndione ngati sensa ikunena zoona. Madzulo ndikulowa pakhomo, mtsikana wanga wa zaka zinayi akundithamangira: "Adadi, kawotchi kanu kamayenda ndikakagwira!" Kupita kukaona, 39.0, kumapeto kwenikweni, mababu ali ngwee. Amayi ake akuti mwanayo sanakhalitsepo, anangogunda kamodzi podutsa. Mukanakhala mazira a sabata ziwiri bwenzi ndikulemba zina lero.

Sindinamukalipire, chifukwa nditayesa ndekha ndinaona kuti wolakwa ndine. Sufunika kugwira kamutu kuti uta usunthe. Ukagunda paliponse pamzere wake, ngakhale pafupi nawo chabe, umathamangira komwe kuli chala. Liwiro lake ukapanda kulisintha ndi madigiri 720 pa sekondi, ndiye uta wa madigiri 270 umautha sekondi isanafike theka. Pa voliyumu ya wailesi zimenezo n'zabwino. Pa mazira ayi.

Ndinakhala pansi ndi pepala. Madigiri 270 kuwagawa masitepe 40, sitepe iliyonse ndi madigiri 6.75. Pa kasikirini ka mamilimita 32, kumeneko n'kusuntha kosakwana mamilimita awiri m'mphepete. Chala changa chachikulu, chokhala ndi zipsera za kuwotcherera mawaya, chimaphimba masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi nthawi imodzi. N'chifukwa chake ndikafuna 37.5 ndinkagwera pa 37.3, pochotsa chala n'kudumphira pa 37.7.

Choyamba ndinachepetsa malire: 365 mpaka 385. Palibe tsiku lomwe ndidzafune 35 kapena 39 pa mazira a nkhuku, ndiye ndinkazisungiranji? Masitepe atsala 20, iliyonse madigiri 13.5, chala chapeza malo. Kenako liwiro lija ndinalitsitsa ndi lv_arc_set_change_rate kufika pa 60. Tsopano kamutu kamatsatira chala mwaulesi, uta wonse umatenga masekondi anayi ndi theka, ndipo kungogunda podutsa sikupita nako patali. Poyamba zimakwiyitsa, umaona ngati bolodi yaima. Ndazolowera, ndipo ndikuona kuti chinthu chomwe umachisintha kamodzi pa sabata zitatu sichifunika kukhala chofewa m'manja.

Ndinayatsanso LV_OBJ_FLAG_ADV_HITTEST kuti uta uzimva chala pamzere pokha, pakati pazidutsa. Apa ndinagwera mbali ina: mzere wanga wa mapikiselo 14 unasanduka woonda moti ndinkauphonya. lv_obj_set_ext_click_area ya mapikiselo 10 inakulitsa malo ogwira popanda kusintha maonekedwe.

Koma zonsezi sizimuletsa mwana wofunitsitsa. Chomwe chandigonetsa tulo ndi loko. Uta umakhala wosagwirika, kamutu kali kotuwa. Ukadina nambala yapakati n'kugwiritsa kwa kanthawi, LV_EVENT_LONG_PRESSED imautsegula, kamutu n'kuwala. Pakatha masekondi 10 osaukhudza, lv_timer imautsekanso. Amayi ake anayesa n'kunena kuti, "Bambo ake, mwapanga loko wa chinthu chomwe munagula kuti chizitseguka msanga." Akunena zoona. Ndausiyabe.

Lachisanu

Magetsi atazima Lachinayi, batire inachedwa kulandira ndipo bolodi inayambiranso, nambala n'kubwerera pa yomwe ili mu khodi. Ndiye ndinayamba kuisunga mu flash, memori yosafufutika magetsi akazima, ndi laibulale ya Preferences. Ndinaika kusungako mkati mwa VALUE_CHANGED, osaganiza kuti pokoka kamodzi imabwera kambirimbiri. Uta unayamba kunjenjemera, komanso flash ili ndi malire a kulembedwa, sungamaikande chonchi tsiku ndi tsiku. Tsopano pokoka ndimangosintha nambala yooneka, ndipo kusunga ndi kuuza mababu kumachitika pa LV_EVENT_RELEASED, chala chikachoka.

Ndawonjezera uta wachiwiri mkati mwa woyambawo, woonda, wopanda kamutu, wosagwirika, woonetsa kutentha komwe sensa ikuwerenga. Malire ake ndi omwewo, ndiye mitu ya mizere iwiriyi ikalingana ndimadziwa ndili pakhomo kuti zili bwino, osafunika magalasi. Ndinayesa kuika wachitatu wa chinyezi, koma pa mamilimita 32 zinangooneka ngati anyezi wodula. Chinyezi chapita pa tsamba lachiwiri.

Kumeneko ndikufuna kuikanso uta wowerenga masiku, 0 mpaka 21, usinthe mtundu pa tsiku la 18, pomwe umasiya kutembenuza mazira n'kuwonjezera madzi m'mbale. Sindinauyambe. Ndikusinkhasinkhanso zoika rotary encoder, kabatani kozunguza ngati ka voliyumu, pambali, chifukwa utawu umamveranso encoder, kudina kumodzi sitepe imodzi, ndipo manja anga akanyowa ndi madzi a m'mbale sikirini imamva zake zake. Kabowo kake pachitseko ndaboola kale.

Filiji yakhala masiku atatu pakati pa 37.4 ndi 37.6, ndipo thermometer ikuvomereza. Mazira 30 a Mikolongwe ndalonjezedwa Lolemba. Mtsikana uja wabweranso m'mawa uno, wagunda katatu, uta osasuntha, wandiyang'ana n'kunena kuti kawotchi kafa.