Atsibweni Anga Dzuwa

Ndakhala zaka 22 ku South Bend, ku Indiana, m'dziko la America, ndipo Januwale aliyense ndimadzuka m'mamawa ndi fosholo kukakumba sinowo pakhomo, ngati munthu wolima munda wosabala kanthu. Nditatsala zaka ziwiri kuti ndipume pantchito, ndinauza akazi anga kuti mafupa anga atopa ndi chisanu, tikaone ku Tucson, ku Arizona, kumene nkhalamba zambiri za kuno zimathawira kukazizira.

Tinapita mu Juni chifukwa mahotela anali otchipa. Chimene anatchipira sindinafunse.

“Abambo, akuti kumeneko kumatentha,” anandichenjeza mayi akunyumba.

“Mayi inu, ine ndine wa ku Nsanje. Ndinakulira kumene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Dzuwa ndi atsibweni anga.”

Atsibweniwo anatichingamira pabwalo la ndege. Chitseko chitatseguka ndinamva ngati ndalowetsa mutu mu uvuni wa njerwa. Kunali madigiri 43. Ku Nsanje thukuta limayenderera mpaka malaya kunyowa, koma kuno limauma lisanatuluke n'komwe. M'galimoto yomwe tinabwereka, chitsulo cha lamba chinandidinda pamimba, ndipo chiwongolero ndinachigwira ndi mpango ngati ndikuphula mphika. Ndinangoti kwafunda bwino.

M'mawa mwake tinapita ku Saguaro National Park. Kumeneko kuli zomera zaminga zazitali kuposa nyumba, zokweza manja m'mwamba ngati zaimitsidwa ndi apolisi. Akuti saguaro amatha zaka 50 kapena kuposa asanaphuke dzanja loyamba. Ndinapeza mmodzi wa dzanja limodzi lalifupi, ndinati uyu ndi wamsinkhu wanga, tijambulitse limodzi, a pagulu la WhatsApp aone kumene tikupumira.

“Bwererani m'mbuyo pang'ono,” anatero mayi, foni ili m'manja. “Pang'ononso. Mutu wake sukuoneka.”

Ndinabwerera. Ndinabwereranso. Kenaka ndinamva ngati mavu khumi andiluma malo amodzi, malo okhalira.

Chomera chimene chinandibayacho amachitcha cholla, ndipo eni dera amati chimadumpha. Sichidumpha kwenikweni, kungoti ukangochikhudza, chidutswa chimathothoka n'kukumatirira, ndipo minga yake ili ndi tingowe ngati mbedza. Zonsezi ndinaziphunzira pambuyo pake. Panthawiyo ndinachita zimene mwana aliyense wa kumudzi amachita ndi chisoso: ndinachigwira kuti ndichizule. Chinachoka pathalauza n'kumatirira kudzanja. Ndinabweretsa dzanja linalo kuti lithandize mnzake, nalonso linagwidwa. Ndinaima pakati pa chipululu manja ali pamodzi ngati ndikupemphera, kumbuyoku kukadali zidutswa zina ziwiri.

Anandipulumutsa ndi agogo ena achizungu, a chipewa chachikulu ndi ndodo, omwe ankayenda okhaokha ngati kuli mphepo yayaziyazi. Sanadabwe n'komwe. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa chipeso. Chipeso chenicheni cha tsitsi! Anachilowetsa pansi pa chidutswa chilichonse n'kuchithyapulira kutali, kenaka anandiuza kuti ndiwerame. Ine, bambo wa ana anayi, mkulu wampingo, ndinawerama.

Akuzula yotsalira ndi kachitsulo, anafunsa kumene ndimachokera. Ndisanatsegule pakamwa, mayi anayankha, misozi ya chiseko ili mbwembwembwe, foni ikujambulabe:

“Ndi a ku Nsanje awa. Dzuwa ndi atsibweni awo.”

Masana ake tinakaona nyumba zogulitsa. Ndinaziona zonse chiimirire. Wogulitsa ankanyadira kuti pabwalo palibe kapinga wotchetcha, ndi miyala yokhayokha, ndipo anandilozera chomera chokongoletsa pageti chimene sichifuna kuthirira. Ndinachizindikira ndili patali.

M'ndege pobwerera ndinakhalira tako limodzi. Vuto ndi lakuti mayi kwawakomera ku Tucson, akuti mawondo awo anasiya kupweteka, ndipo agula kale zipeso ziwiri. Ine dzulo ndinakagula fosholo yatsopano, ndaibisa m'galaja.