Malume, amakutengani magazi nthawi yanji?

Sabata ino ndalimbana ndi mutu umodzi wokha: kuyeza tizilombo toyambitsa matenda a chiwindi (hepatitis B ndi C) mwa anthu amene impso zawo zinasiya kugwira ntchito. Ndimawerenga m'kombi yochokera ku Mufakose, buku pamwendo, koma maganizo ali kwa malume anga omwe amakasefedwa magazi pa makina kawiri pa sabata.

Poyamba ndinkaona ngati kuyeza ndi kuyeza basi. Ayi ndithu. Njira yofala imafufuza asilikali amene thupi lapanga polimbana ndi kachilombo. Koma chitetezo cha wodwala impso n'chofooka, asilikaliwo amachedwa, mwinanso osaoneka n'komwe. Ngakhale mwa munthu wathanzi, asilikali olimbana ndi hepatitis C amatenga masabata 8 mpaka 11 kuti aoneke, pamene njira ya PCR, yomwe imasaka RNA (chibadwa) ya kachilombo keniko n'kuichulukitsa, imakapeza pakangotha sabata imodzi kapena awiri. Masabata onsewo munthu wauzidwa kuti alibe kanthu, akusefedwa m'chipinda chimodzi ndi anzake. Hepatitis B ndiye woopsa kwambiri: m'magazi ouma pampando kapena pa makina, kachilombo kake kamakhala kamoyo masiku osachepera 7. Ndipo alipo ena amene HBsAg, chizindikiro cha hepatitis B chomwe timayeza m'magazi, sioneka mwa iwo koma DNA ya kachilomboko ilimo.

Chimene chandikhala pamtima n'chinthu chaching'ono. Posefa magazi amathira heparin kuti asaundane m'mapaipi. Heparin yomweyo imasokoneza PCR, mpaka zotsatira kunena kuti mulibe kachilombo pamene kalimo. Choncho magazi ayenera kutengedwa munthu asanalumikizidwe ku makina, ndipo alowe m'kabotolo ka EDTA, ka chivindikiro chapepo, osati kobiriwira komwe kamakhala ndi heparin. Ife a mu labotale tingakhale ndi GeneXpert, makina omwe aja timayezera TB, koma magazi akatengedwa mochedwa ntchito yonse yapita m'madzi.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndinawafunsa: "Malume, amakutengani magazi nthawi yanji, musanayambe kapena mutamaliza?" Iwo anati, "Mphwanga, ine ndimangotambasula mkono." Sindinagone bwino.

Malangizo a KDIGO, bungwe la padziko lonse loona za matenda a impso, amati osefedwa magazi aziyezedwa hepatitis C miyezi 6 iliyonse, ndipo lero mankhwala ake amachiza m'masabata 12. Lachinayi ndiwaperekeza, ndikaone pakhadi lawo kuti anayezedwa liti komanso ndi njira iti.