Mmene ndinasankhira motherboard ndi power supply ya kompyuta yosewerera magemu

Ndinayamba ndi purosesa, yomwe ili ngati ubongo wa kompyuta, chifukwa ndi imene imalamula mtundu wa motherboard (bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo) yomwe munthu angagule. Nditatsimikiza zotenga Ryzen 5 7600 ya kampani ya AMD, zinthu ziwiri zinadziwikiratu: purosesayi imalowa pa soketi (malo okhazikapo purosesa pa motherboard) ya AM5, yomwe inatuluka m'chaka cha 2022, ndipo motherboard iliyonse ya soketi imeneyi imalandira RAM (memore yosunga kwakanthawi zomwe kompyuta ikugwiritsa ntchito) ya mtundu wa DDR5 yokha. Choncho RAM ya DDR4 yomwe inali m'kompyuta yanga yakale inatsala pomwepo, ngakhale inali ikugwirabe bwino ntchito.

Pa chipset, kachipangizo ka pa motherboard kolamula kuchuluka ndi mitundu ya zipangizo zomwe zingalumikizidwe, ndinayerekeza A620, B650 ndi X670. Ya X670 ndinaisiya msanga, pakuti chimene imaposa nacho zinzake ndi kuchuluka kwa malo olumikizapo zipangizo, ndipo zimenezo sizithamangitsa gemu ngakhale pang'ono. Ndinatenga motherboard ya B650 ya kukula kwa micro-ATX, mamilimita 244 mbali zonse, nditaona kaye kuti ikwana m'bokosi la kompyutayo. Ndinaonetsetsanso kuti ili ndi malo awiri a M.2 oikapo SSD (chipangizo chosungira mafayilo ndi magemu), zitsulo zoziziritsa tizipangizo topereka magetsi ku purosesa, komanso batani loikira BIOS (pulogalamu ya pa motherboard yodzutsa kompyuta) yatsopano ngakhale purosesa isanalowe.

Power supply, bokosi logawira magetsi ku zipangizo zonse za m'kompyuta, ndiyo inandidyera nthawi, ndipo m'kuona kwanga apa ndi pomwe anthu ambiri amaumira ndalama molakwika, atawonongera pa motherboard yodzaza ndi nyale zamitundumitundu. Graphics card yanga, chipangizo chopanga zithunzi za gemu, ndi RTX 4070, yomwe imakoka mawati 200, ndipo Nvidia, kampani yomwe inaipanga, imalangiza power supply ya mawati 650. Purosesa ija imafika mawati 88 ikapanikizika. Kuwerengera kotere kukanandikwanira pa 650, koma ndinasankha ya 750 yotsatira muyezo wa ATX 3.0, chifukwa graphics card zamakono nthawi zina zimakoka magetsi ochuluka modzidzimutsa kwa kanthawi kochepetsetsa, ndipo power supply yofooka imazimitsa kompyuta gemu ili mkati.

Chizindikiro cha 80 Plus Gold chomwe chimakhala pa power supply sindinachikhulupirire chokha. Chimangonena za kuchepa kwa magetsi omwe amatayika ngati kutentha, sichinena ngati zam'kati mwake ndi zolimba. N'chifukwa chake ndinawerenga zolemba za anthu omwe anaiyesadi ndi makina oyezera, ndinafufuza ngati imadzizimitsa yokha magetsi akachuluka kapena mawaya akagundana, ndiponso ndinayang'ana zaka za chitsimikizo chake, popeza kampani yodalira katundu wake siiopa kulonjeza zaka zambiri.

Kenaka ndinawerenga mapulagi limodzilimodzi: la mapini 24 la motherboard, la mapini 8 la purosesa, ndi la graphics card, lomwe limasiyana malinga ndi kampani yopanga, pakuti RTX 4070 zina zimafuna la mapini 8 pamene zina zimafuna la mapini 16. Mawaya ochita kulumikiza a power supply yakale sindinawagwiritsenso ntchito, chifukwa ngakhale alowe bwinobwino, kalumikizidwe kake ka mkati kamasiyana ndipo angathe kupsereza SSD.

Pomaliza, poganizira kuzimazima kwa magetsi kwathu kuno, ndinapatula ndalama ya UPS, chipangizo cha batire chopereka magetsi akazima, yotulutsa magetsi a pure sine wave, ofanana ndi a pakhoma, pakuti power supply zina zamakono zimadzizimitsa UPS yotsika mtengo ikangoyamba kupereka magetsi a m'batire.